Kusankha loya wa nyumba ku England: yambani ndi mbiri ya ndalama zanu

Mwini nyumba atavomera mtengo umene tinatchula, ejenti wogulitsa nyumbayo anandiimbira foni ndili pa buleki ya masana kuntchito. Mawu oyamikira anali awiri okha, kenako funso: loya wanu ndi ndani? Ndinalibe. Kwa zaka 6 tinkasunga dipoziti ine ndi mayi akunyumba, mitengo ya nyumba za ku Mansfield tinkaidziwa ngati ya tomato pamsika, koma za loya sitinaganizepo ngakhale tsiku limodzi. Ejenti uja anati ndisavutike, ali ndi maloya amene amagwira nawo ntchito, andilumikiza tsiku lomwelo. Ndinavomera chakudya chili m'kamwa. Patatha milungu 7 fayilo yathu inaima chilili chifukwa cha £6,000 ya chipeleganyu imene loyayo anati sakuimvetsa, ndipo nyumba ija inatsala pang'ono kutipulumuka.

Zimene ndalemba apa zili m'ndondomeko imene ndikanatsata ndikanakhala kuti ndinkadziwa. Zikukhudza England ndi Wales. Ku Scotland nkhani ndi ina: kumeneko loya ndi amene amapereka mtengo wanu kwa wogulitsa, pangano limamangidwa ndi makalata otchedwa missives, ndipo msonkho wake ndi wina. Ngati muli ku Glasgow kapena ku Edinburgh, funani loya wolembetsedwa ku Law Society of Scotland, zinazi mungotolapo zokuthandizani.

1. Mudziwe ntchito imene mukumulembera

Ntchito yosamutsa umwini wa nyumba kuchoka kwa wogulitsa kupita kwa wogula amaitcha conveyancing. Oigwira alipo a mitundu iwiri amene mudzakumana nawo kawirikawiri. Pali solicitor, loya amene anaphunzira malamulo a nthambi zosiyanasiyana, ndipo amayang'aniridwa ndi Solicitors Regulation Authority, mwachidule SRA. Palinso licensed conveyancer, amene ntchito yake ndi ya malo ndi nyumba basi, ndipo amayang'aniridwa ndi Council for Licensed Conveyancers. Pa kugula nyumba wamba onsewa ndi oyenera. Solicitor amaposa pamene nkhani yanu yakolana ndi zina, monga kutha kwa banja kapena nyumba ya malemu. Pano onse ndizingowatcha loya.

Loyayu amawerenga chikalata cha umwini chochokera ku HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, amafufuza ku khonsolo ndi ku kampani ya madzi, amafunsa loya wa wogulitsa mafunso, amasunga ndalama zanu ndi za banki mu akaunti ya makasitomala, amalipira msonkho, kenako amalembetsa dzina lanu. Chimene sachita n'kupita kukaiona nyumbayo. Sadzaona chinyontho chimene chabisidwa ndi penti yatsopano, sadzaona denga lodontha. Imeneyo ndi ntchito ya saveya amene mumamulemba nokha, ndipo kuyendera kumene banki imachita pofuna kudziwa mtengo wa nyumba n'kwa phindu la banki, osati lanu. Choncho zimene maso anu aona, monga khichini yowonjezera kuseri kapena mpanda umene sukugwirizana ndi mapu, mumuuze loya, chifukwa iye akuona mapepala okha.

Chinanso chofunika kuchimvetsa msanga: ku England kuvomerezana mtengo si pangano. Mpaka tsiku limene maloya awiri asinthana mapangano osainidwa, limene amalitcha exchange, aliyense akhoza kuthawa popanda mlandu, ndipo wogulitsa akhoza kulandira mtengo wokwera kwa munthu wina inu mutalipira kale saveya. N'chifukwa chake loya wozengereza amadula. Mlungu uliwonse umene fayilo yagona ndi mlungu umene nyumba sinakhale yanu.

2. Mumupeze musanatchule mtengo wa nyumba iliyonse

Nthawi yofunira loya ndi imene mukukambirana ndi banki za ngongole ya nyumba. Sankhani makampani atatu. Funsani anzanu a kutchalitchi kapena kuntchito amene agula m'zaka ziwiri zapitazi, ndipo musangofunsa kuti anali wabwino kodi, chifukwa munthu amene walandira makiyi amaiwala zowawa zonse. Afunseni kuti imelo inkayankhidwa patatha masiku angati, ndiponso ngati ndalama imene analipira pomaliza inafanana ndi imene anauzidwa poyamba.

Wa ejenti mukhoza kumuika pa mndandanda, koma mudziwe kuti nthawi zambiri ejenti amalandira kangachepe pa kasitomala aliyense amene watumiza. Ayenera kukuuzani zimenezi, ndipo inu muli ndi ufulu wofunsa kuti ndi zingati. Ejenti amalipidwa ndi wogulitsa nyumba ikagulidwa. Sangakukakamizeni kutenga loya wake, ndipo mawu akuti "mukatenga wathu zidzayenda msanga" ndi otsatsa malonda chabe.

Dzina lililonse mulifufuze m'kaundula wa SRA kapena wa Council for Licensed Conveyancers pa intaneti. Ndi ulere, ndipo sipatha mphindi zisanu. Onani ngati adiresi ndi nambala ya foni zili m'kaundulamo zikufanana ndi zimene mwapatsidwa, chifukwa akuba amatsegula mawebusaiti onamizira makampani enieni. Kulembetsedwa kumeneku kuli ndi phindu looneka: kampani ya pansi pa SRA imayenera kukhala ndi inshuwalansi yosachepera £2 miliyoni yolipirira zimene yalakwitsa. Chizindikiro cha Conveyancing Quality Scheme, chimene bungwe la maloya la Law Society limapereka kwa makampani okwaniritsa muyezo wake pa ntchitoyi, n'chabwino kuchiona, ngakhale sichikuuzani ngati munthu wake amayankha foni.

Kenako funso limodzi limene lingathetse zonse nthawi yomweyo: kodi muli pa mndandanda wa maloya ovomerezeka ndi banki yanga? Banki iliyonse yobwereketsa ili ndi mndandanda wake, amautcha panel. Loya wanu akakhala kuti mulibemo, banki imalemba loya wakewake, inu n'kulipira awiri, makalata n'kumadutsa m'maofesi atatu. Mukasintha banki pakati pa ulendo, funsaninso.

3. Fotokozani mbiri ya ndalama zanu tsiku loyamba, musanasaine chilichonse

Apa ndi pamene ife ochokera kwathu timagwera, ndipo apa ndi pamene loya woyenera inu amadziwikira.

Malamulo a 2017 oletsa kubisa ndalama zakuba amalamula loya kudziwa kuti inu ndinu ndani komanso kuti ndalama zanu zinachokera kuti. Kuonetsa kuti ndalamazo zili mu akaunti sikokwanira. Akufuna aone njira imene paundi iliyonse inayenda kuti ifike mmenemo. Adzapempha masitetimenti a kubanki a miyezi ingapo, ena itatu, ena 6, ena kuposa apo akaona chowakayikitsa. Munthu amene dipoziti yake yonse ndi malipiro a pamwezi amadutsa ngati madzi. Koma ndalama zathu zambiri siziyenda choncho.

Ife tinali m'gulu la chipeleganyu la anthu 12, aliyense £500 pamwezi. Mwezi wathu utafika, mu akaunti munalowa ndalama kuchokera kwa anthu osiyanasiyana, ena atalemba "chip", wina atalemba "zikomo", awiri anapereka pamanja ine n'kukaponya ndekha pa makina. Mtsikana amene ankagwira fayilo yathu anandiimbira n'kufunsa kuti anthu 11 amenewa akundipatsiranji mphatso, ndipo aliyense atumize pasipoti ndi kalata. Ndinafotokoza kuti si mphatso, ndi ndalama zanga zomwe zimene ndakhala ndikusonkha chaka chonse. Anangoti zii, kenako anati akafunsa akuluakulu. Akuluakuluwo anatenga masiku 9 kuti ayankhe. Chinatipulumutsa ndi kope la amayi amene ankasunga chuma cha gululo, lolembedwa pamanja mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo masitetimenti anga oonetsa £500 ikutuluka mwezi uliwonse ndi mauthenga a pa WhatsApp. Zinatenga milungu itatu, wogulitsa akuopseza kuti abwezera nyumba pamsika.

Sindikuti loyayo analakwa pofunsa. Lamulo limamumanga, ndipo akakayikira kwambiri amayenera kukanena ku National Crime Agency, bungwe la boma lofufuza milandu ikuluikulu, osakuuzani n'komwe. Cholakwika chinali choti funsolo linabwera pa mlungu wa 7 m'malo mwa tsiku loyamba, ndipo linachokera kwa munthu amene anali asanamvepo za kasungidwe ka ndalama kotere, ngakhale kuti anthu a ku Jamaica, a ku Nigeria ndi a ku Somalia okhala kuno ali ndi magulu ofanana ndi athuwa.

Ndiye poimba foni kwa maloya atatu aja, fotokozani zonse poyera. Munene kuti mbali ina ya dipoziti ndi ya chipeleganyu, ina anakupatsani achimwene a ku Johannesburg, ina ndi ya puloti imene munagulitsa ku Lilongwe. Mvetserani yankho. Wina adzakuuzani mosabisa kuti kampani yake silandira ndalama zochokera kunja, ndipo mumuthokoze chifukwa wakupulumutsani miyezi iwiri. Wina adzati "palibe vuto" asanafunse funso lililonse, ameneyo muopeni. Amene mukumufuna ndi wokuuzani mapepala enieni amene adzafunike, n'kukutumizirani mndandanda wake pa imelo.

Ndalama yochokera ku Malawi imafuna chikalata chogulitsira malo kapena katunduyo, sitetimenti ya banki ya kumudzi yoonetsa ndalamayo ikulowa, ndi umboni woti inatumizidwa kudzera kubanki. Kutulutsa ndalama zakunja m'Malawi kuli ndi malamulo ake a Reserve Bank of Malawi, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zimasowera, choncho yambani kukambirana ndi banki ya kumudziko miyezi ingapo musanayambe kuyendera nyumba. Njira ija timaikonda, yakuti "ndikupatsa makwacha kuno, m'bale wako andipatse mapaundi uko", pa nkhani ya nyumba ndi msampha. Mu akaunti yanu mumalowa ndalama yambiri kuchokera kwa munthu amene simukumudziwa, ndipo palibe pepala lolumikiza ndalamayo ndi puloti yanu ija.

Mphatso nayo ili ndi mwambo wake. Wopereka amasaina kalata yonena kuti ndi mphatso, sadzaifunanso, ndipo sadzakhala ndi gawo m'nyumbamo. Amaperekanso chiphaso ndi masitetimenti ake. Akuluakulu ena zimawanyansa, amaona ngati mukuwayesa akuba, choncho muwafotokozere mwaulemu nthawi ikadalipo kuti, "Amalume, si ine ndikufunsa, ndi lamulo la kuno." Ngati ndalamayo ndi ngongole, musaitche mphatso. Loya wanu nthawi zambiri amaimiranso banki, ndipo chimene chikukhudza ngongoleyo sangaibisire banki.

Kanthu kena kakang'ono: mayina. Ngati pa pasipoti pali dzina la bambo anu, pa sitetimenti pali la amuna anu, pa chikalata cha puloti pali kalembedwe kena, konzeranitu setifiketi ya ukwati kapena pepala lina lofotokoza kusiyanako.

4. Mufunseni za nyumba ya kumudzi

Funso ili ndi mayeso abwino kwa loya, ndipo likhoza kusintha bajeti yanu yonse. Msonkho wogulira nyumba ku England ndi Stamp Duty Land Tax, ndipo umayenera kulipidwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lolandira nyumba. Kuyambira pa 1 April 2025, wogula koyamba salipira kanthu pa £300,000 yoyambirira, malinga nyumbayo isapose £500,000. Koma "wogula koyamba" kwa a msonkho a HMRC ndi munthu amene sanakhalepo ndi nyumba kulikonse padziko lapansi, kaya yogula kaya yosiyiridwa. Nyumba ya ku Area 25 kapena ku Chilomoni imawerengedwa.

Sizithera pomwepo. Ngati pa tsiku logula mukadali ndi nyumba ina kwina kulikonse ya mtengo wa £40,000 kapena kuposa, ndipo simukugulitsa nyumba imene mumakhalamo kuti mugule inayi, pali msonkho wowonjezera wa 5 peresenti pa mtengo wonse, umene unakwera kufika pamenepa pa 31 October 2024. Ya mkazi kapena mwamuna wanu imawerengedwanso. Tengani nyumba ya £240,000. Wogula koyamba salipira kalikonse. Amene anakhalapo ndi nyumba koma anaigulitsa alipira £2,300. Amene akadali ndi nyumba ya mtengo wopitirira £40,000 ku Blantyre alipira £14,300. Mitengo imeneyi imasintha ndi bajeti ya boma, choncho muitsimikize pa webusaiti ya boma pa nthawi yanu.

Ndikudziwa zimene ena akuganiza, kuti adziwa bwanji. Fomu ya msonkhoyo imapita m'dzina lanu, ndipo bodza likadzaululika mlandu ndi wanu, osati wa loya. Komanso nkhani zambiri sizili zoyera kapena zakuda: puloti yopanda nyumba si chimodzimodzi ndi nyumba, kanyumba ka pamudzi pa malo a makolo si chimodzimodzi ndi nyumba ya lizi ya m'tauni, ndipo gawo la nyumba ya malemu imene munagawana abale asanu lili ndi kawerengedwe kake. Loya wodziwa ntchito adzafunsa mwatsatanetsatane, kapena adzakutumizani kwa katswiri wa misonkho. Lamulo lomweli la wogula koyamba limagwiranso pa Lifetime ISA, akaunti ija boma limawonjezerapo 25 peresenti pa ndalama zofika £4,000 pachaka. Ndalama ya mmenemo imapita kwa loya mwachindunji, nyumba isapose £450,000, ndipo akaunti ikhale itatha miyezi 12. Ku Wales msonkho ndi wina, Land Transaction Tax, wokhala ndi mitengo yakeyake.

5. Werengani koteshoni kuyambira pansi

Kuyambira mu December 2018, makampani a pansi pa SRA amayenera kuika mitengo ya ntchitoyi pa mawebusaiti awo. Komabe pemphani koteshoni yolembedwa ya nkhani yanuyo, ndipo onse atatu muwapatse mfundo zofanana: mtengo wa nyumba, banki, mayina angati, mphatso, Lifetime ISA.

Koteshoni ili ndi mbali ziwiri. Ina ndi malipiro a loya mwiniwake, amene pamwamba pake pamabwera VAT ya 20 peresenti. Ina ndi ndalama zimene loya amangodutsitsa kupita kwa ena, amazitcha disbursements, monga zofufuzira ku khonsolo ndi zolembetsera ku Land Registry. Zachiwirizi sizisiyana kwenikweni pakati pa makampani. Mwachitsanzo, kulembetsa pa intaneti nyumba ya £240,000 imene ili kale m'kaundula ndi £150 kulikonse kumene mungapite.

Chinyengo chimakhala pa timizere ta m'munsi. Koteshoni yathu pamwamba inali yotsika moti ndinaseka, koma m'munsimo munali ndalama yogwirira ntchito ndi banki, yodzazira fomu ya msonkho, yoonera chiphaso cha munthu aliyense, yotumizira ndalama, ya mphatso iliyonse payokha, mpaka yosungira fayilo ntchito ikatha. Pophatikiza, inaposa ya loya wa m'tauni mwathu amene ndinadzamufunsa pambuyo pake. Choncho funsani motere: ndalama yonse imene ndidzatulutse, VAT ili momwemo, ndi zingati, ndipo n'chiyani chingaikweze? Funsaninso kuti malonda akafa panjira mudzalipira zingati. Mawu akuti "no sale, no fee" kawirikawiri amakhudza malipiro a loya okha, ndalama zofufuzira zimene zapita kale sizibwerera.

Musadule zofufuzazo pofuna kupulumutsa ndalama. M'madera amene kale munali migodi ya malasha, monga Nottinghamshire, Yorkshire ndi kum'mwera kwa Wales, pamafunika kufufuza ngati pansi pa nyumba pali mphanga zakale. Loya wa kutali akhoza kuchita zimenezi bwinobwino, koma wa m'deralo amadziwiratu khonsolo yochedwa ndi misewu ya mavuto.

6. Ndani adzagwire fayilo yanu?

Dzina la kampani silinyamula foni. Funsani dzina la munthu amene adzagwire fayilo yanu, udindo wake, amene amamuyang'anira, ndi amene adzagwire akapita kutchuthi. Makampani akuluakulu a pa intaneti ali ndi ubwino wake, mumasaina pa foni ndipo mumaona pamene ntchito yafika ngakhale usiku mukuchokera ku shifiti. Koma ena mwa iwo munthu mmodzi amasenza mafayilo ochuluka zedi, ndipo mukaimba mumayankhidwa ndi munthu watsopano tsiku lililonse, n'kuyambanso kufotokoza za chipeleganyu pachiyambi.

Ayeseni musanawalembe. Tumizani imelo ya funso limodzi lomveka, muone tsiku limene ayankhe ndi mmene ayankhire. Amene akuchedwa pamene akufuna ndalama yanu sadzafulumira ataitenga.

7. Nyumba zina zimafuna loya wozolowera

Fulati nthawi zambiri imagulidwa pa lizi, kutanthauza kuti mukugula ufulu wokhalamo kwa zaka zowerengeka, pamene nthaka ndi chinyumba chonse zili ndi mwini wake. Ntchito ya loya imachuluka, mtengo umakwera, nthawi imatalika. Funso loyamba ndi lakuti lizi yatsala ndi zaka zingati. Ikamayandikira zaka 80, kuiwonjezera kumadula ndipo mabanki ena amayamba kukana. Funsaninso za lendi ya nthaka ndi ndalama yosamalira chinyumbacho, makamaka mmene zimakwerera. Moto umene unatentha chinyumba cha mafulati cha Grenfell Tower ku London mu June 2017 unabweretsa lamulo la chitetezo cha nyumba la Building Safety Act 2022, ndipo kuchokera pamenepo makampani ena a maloya sagwira mafulati a m'nyumba zazitali mamita 11 kapena za nsanjika zisanu kupita m'mwamba. Afunseni msanga.

Nyumba yatsopano yochokera kwa omanga nayo ili ndi zake. Kawirikawiri amakupatsani masiku 28 kuti mufike pa exchange, ndipo amakukankhirani kwa loya wawo. Ine ndingakonde loya amene sadya kwa omangawo.

Mukamagula anthu awiri, loya wabwino amakukhazikani pansi n'kukufunsani mmene mukufuna umwini ulembedwere. Mukakhala joint tenants, mmodzi akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsalayo, wilo inene chilichonse. Mukakhala tenants in common, aliyense ali ndi gawo lake limene angasiyire amene akufuna, ndipo magawowo amalembedwa m'chikalata chotchedwa declaration of trust. Ife amene tinaona akuchimuna akubwera ndi lole maliro asanathe tikudziwa kulemera kwa funsoli. Ngati muli ndi ana a banja loyamba kumudzi, kapena mukugula ndi mchemwali wanu wina ataika zambiri, musangochonga kabokosi pa fomu. Loya amene wangokutumizirani fomuyo osafotokoza sanagwire ntchito yake.

8. Ngati mukugulitsa

Lembani loya tsiku limene nyumba ikupita pamsika, musadikire wogula. Dzazani msanga fomu ya TA6 yofotokoza za nyumbayo ndi TA10 ya katundu amene mukusiya kapena kutenga, ndi TA7 ngati ndi ya lizi. Sonkhanitsani masetifiketi a mawindo, a boila, a magetsi ndi zilolezo za khonsolo za chilichonse chimene munamanga. Pa TA6 nenani zoona, ngakhale za mkangano wa mpanda ndi aneba, chifukwa wogula akhoza kukusumirani mutasamuka kale. Ngati mukugulitsa ndi kugula nthawi imodzi, loya mmodzi agwire zonse ziwiri kuti ndalama ziyende tsiku limodzi.

9. Tsiku lotumiza ndalama

Pa exchange pamaperekedwa dipoziti, mwa mwambo 10 peresenti ya mtengo, ngakhale maloya akhoza kugwirizana yocheperapo. Kuyambira pamenepo kubwerera m'mbuyo n'kutaya ndalamayo, ndipo pa nyumba zambiri zimene si za lizi inshuwalansi yanu iyenera kuyamba tsiku lomwelo, osati tsiku la makiyi.

Akuba amadziwa kuti anthu ambiri amalandira nyumba Lachisanu, onse ali pa liwiro. Amalowa mu imelo yanu kapena ya loya, amawerenga zokambirana zanu phee kwa milungu, kenako amatumiza uthenga wofanana ndendende ndi wa loya wonena kuti akaunti yasintha. Maloya sasintha akaunti pakati pa ntchito, ndipo ambiri amalemba zimenezi m'kalata yawo yoyamba. Nambala ya akaunti muitenge pamaso kapena m'kalata yoyambayo, kenako imbani pa nambala ya foni imene munaipeza nokha m'kaundula, osati ya mu imelo, muwerengerane manambala. Tumizani kaye £1, aitsimikize, kenako zotsalazo. Banki ikakuchenjezani kuti dzina silikugwirizana ndi akaunti, imani pomwepo. Funsaninso banki yanu malire a ndalama zimene mungatumize pa tsiku, chifukwa ife tinadzazindikira madzulo a Lachinayi kuti pa foni sitingatumize zonse, ndipo m'mawa mwake ndinali woyamba pamzere pakhomo la banki.

10. Zikavuta

Mukhoza kusintha loya pakati pa ntchito, koma mudzalipira zimene wagwira kale ndipo mudzataya masiku, choncho yambani ndi kulembera amene amamuyang'anira, mutchule masiku ndi maimelo amene sanayankhidwe. Zikakanika, lembani dandaulo motsata ndondomeko ya kampaniyo. Ali ndi milungu 8 yoti ayankhe. Mukapanda kukhutira, pitani kwa Legal Ombudsman, ofesi yomva madandaulo okhudza maloya, kwaulere, pasanathe miyezi 6 kuchokera pa yankho lawo lomaliza, komanso pasanathe chaka kuchokera pamene vutolo linachitika kapena pamene munayenera kulizindikira. Nkhani ya kusakhulupirika kapena kusowa kwa ndalama imapita ku bungwe lowayang'anira lija, SRA kapena Council for Licensed Conveyancers.

Makiyi mukalandira, ntchito ya loya sinathe. Ayenera kulipira msonkho ndi kutumiza mapepala ku Land Registry, ndipo kumeneko kulembetsa kumatha kutenga miyezi. Lembani pa kalendala kuti mudzamufunse, mpaka akutumizireni chikalata chokhala ndi dzina lanu, muone ngati alilemba molondola, chifukwa lathu anadumpha chilembo chimodzi ndipo tinachita kubweza. Mukhozanso kudzionera nokha pa webusaiti ya Land Registry polipira £7. Mukatero lembetsani ku Property Alert, ntchito yaulere ya ofesi yomweyo, imene imakutumizirani imelo wina akayesa kusintha umwini kapena kutengera ngongole pa nyumba yanu. Kwa ife amene timapita kumudzi mwezi wathunthu nyumba itatsekedwa, kapena kuisiya ndi alendi, ikani adiresi ya imelo imene mumatsegula ngakhale muli ku Ntcheu.